Womaliza pa Mzere wa Lachinayi

Chinali chaka cha 2015, nyengo ya masika, anthu ali kalikiliki kukumba mtedza, womwe kuno timati nshawa, pamene Sankhani Mwale anabwera kudzafunsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga ku Katete. Linali Loweruka, pa 18 Epulo. Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale mpaka kupuma ntchito, ndiye masiku amandikanirira m'mutu ngakhale ndisawafune.

Anali mnyamata wowonda, wolankhula akuyang'ana pansi. Katundu wake anali chikwama chimodzi, matiresi opinda ndi laputopu. Ndinamufunsa kwawo.

"Ku Vubwi, amayi. Kufupi ndi malire."

"Nanga ku Katete kuno mwadzatani?"

"Ndadzagwira ntchito ya maso."

"Ndinu dokotala?"

"Ayi. Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta."

Sindinamvetse, koma ndinamupatsa makiyi. Patapita mwezi ndinasiya kumutchula kuti inu.

Nkhani yake inali yotere. Bambo ake, aDuncan Mwale, anali mlimi wa thonje ndi chimanga, ndipo akazi awo anali atamwalira. Anali ndi matenda a shuga. Shuga amadya diso kuyambira mkati, mwakachetechete. Munthu amaona bwinobwino, ndipo tsiku limene wayamba kuona chifunga zinthu zimakhala zitaipa kale. Dokotala akaona msanga amawotcha timitsempha towonongekato ndi kuwala kwa makina, diso n'kupulumuka. Koma dokotala wotero anali ku Lusaka, ndipo mlimi wa ku Vubwi sapita ku Lusaka chifukwa cha diso losapweteka.

Bungwe lina laling'ono, lomwe linali ndi ofesi ya zipinda ziwiri kufupi ndi msika, linagula makamera awiri ojambula mkati mwa diso. Imodzi linaika pa kiliniki ina ya ku Sinda, ina pa kiliniki ya kwawo kwa Sankhani ku Vubwi. Chinkasowa chinali munthu wolumikiza makamerawo ndi dokotala. Sankhani anasiya ntchito yokonza makompyuta ku Lusaka n'kubwera. Sanabise chifukwa chake.

"Ndikufuna bambo anga asachite khungu," anandiuza. "Enawo angopindulira momwemo."

Anamwino ankagwira ntchito mu bulawuza, chija timatsegulira masamba a pa intaneti. Koma bulawuza payokha sinkadziwa kulankhula ndi kamera. Sankhani analemba kapulogalamu kolowa mkati mwa bulawuza, komwe ankati pulagini. Pulaginiyo inkatenga chithunzi ku kamera, n'kuchifinya kuti chichepe popanda kutaya timitsempha, kenako n'kuchitumiza ku Lusaka. Dokotala anali mmodzi, zithunzi zambiri, ndiye anagwirizana kuti aziyankha pokhapokha waona vuto. Odwala ankauzidwa kuti: tikapanda kukuitanani, maso anu ali bwino, mudzabwerenso chaka chamawa.

Ntchito inayamba Lolemba, pa 7 Seputembala 2015. Tsiku la maso m'makiliniki onse awiri linali Lachinayi.

Moyo wake kuseri kwanga unalibe zambiri. Ankadya buledi ndi tiyi, nthawi zina mpunga ndi soya. Ankachapa Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Mnzake anali mmodzi, Obvious, wa shopu yokonza mafoni pafupi ndi pokwerera maminibasi, munthu wa pakamwa posatseka. Kunali mphunzitsi wina wamkazi ku Sinda amene ankabwera Loweruka lina ndi lina. Anabwera chaka chimodzi, kenako analeka, ndipo ndinamva kuti anakwatiwa ku Petauke.

Pulagini inkagwira ntchito, koma inali ndi chilema. Namwino akajambula diso, kompyuta yonse inkauma. Ukakhudza apa, zii. Ukakhudza apo, zii. Inkakhala choncho mpaka chithunzi chitafika ku Lusaka, ndipo ku Vubwi, komwe netiweki imabwera mokwawa, zinkatenga nthawi yoti munthu n'kudya chinangwa n'kusamba m'manja. Namwino wa kumeneko, Sisita Prisca, ankauza odwala kuti, "Dikirani, makina akutafuna." Anthu ankaseka n'kudikira.

Amene sankaseka anali akuluakulu a bungwe. Tsiku lina anapita ndi alendo kukaonetsa ntchito yawo, kompyuta n'kuuma pamaso pa alendowo. Sankhani anabwerako atakwinya nkhope. Obvious anamupeza pakhonde panga.

"Mudala, namvela ati kompyuta yako inakomoka pamaso pa ma bwana."

"Sinakomoke. Inali kugwira ntchito."

"Nchito yabwanji yamene munthu aoneka monga wafa? Ine nikagwira so, ma kasitoma angayende ku Chipata."

Kuyambira pamenepo Sankhani analimbana ndi kuuma kuja. Masana ena a Januwale, mvula ikuwaza, ndinali kusenda nshawa pakhonde, iye n'kubwera kudzakhala pa sitepe. Ankafuna munthu womumvetsera, aliyense.

"Amayi, taganizani chigayo chokhala ndi wantchito mmodzi. Wolandira matumba pakhomo ndi yemweyo, wogaya ndi yemweyo. Akalowa kukagaya, pakhomo palibe munthu. Wobwera aodira, palibe womuyankha. Ndi mmene ilili pulagini yangayi."

"Lemba wantchito wachiwiri."

"Ndi zomwe ndikuchita. Ife timati thiredi. Wa pakhomo azingolandira thumba, aliike pa mzere, abwerere kukalankhula ndi anthu. Wa kumbuyo ndiye azigaya. Ameneyo ndimamupatsa lupu."

"Lupu n'chiyani?"

"Kuzungulira. Ayang'ana pa mzere. Ngati pali thumba, atenga, agaya, atumiza mawu kutsogolo kuti latha. Iye saloledwa kulankhula ndi anthu, amangotumiza uthenga. Akatero abwereranso kukayang'ana pa mzere. Pakakhala palibe kanthu, akhala pansi kudikira."

"Saweruka?"

"Pali uthenga wake woti weruka. Nawonso umaima pa mzere ngati thumba, kumapeto. Ndiye amayamba wamaliza zonse zimene zili patsogolo pake, kenako n'kutseka."

Ndinati zikumveka. Ndinapitiriza kusenda.

Anaikanso kachizindikiro kobiriwira kotuluka pafupi ndi dzina la wodwala. Kankatuluka nthawi yomweyo wa pakhomo uja akangoika chithunzi pa mzere. Anayesa zonsezi ku Sinda, chifukwa ndi pafupi, minibasi imodzi basi. Ku Sinda kuli magetsi a mawaya, netiweki ndi yabwinoko, ndipo kompyuta ankaisiya yoyaka mpaka wosesa atamaliza. Anapita Lachinayi lililonse mwezi wa Febuluwale, ndipo chithunzi chilichonse chinafika. Lolemba, pa 14 Malichi 2016, anakaika pulagini yatsopanoyo ku Vubwi. Kompyuta sinaumenso. Akuluakulu anamuyamikira pamsonkhano, Obvious anamugulira soseji.

Nthawi yonseyi bambo ake anali asanajambulitse. Ankati ali ndi ntchito. Ankati maso amene amaona nsabwe pansi pa tsamba la thonje safuna kamera. Sankhani ankawaimbira foni sabata ndi sabata, mpaka anavomera kuti akatola thonje apita.

Anapita Lachinayi, pa 9 Juni 2016. Za tsiku limenelo anandiuza ndi Sisita Prisca. AMwale anafika m'mamawa, asanafike wina aliyense, atavala jekete ya kutchalitchi. Sisita anawaitana kuti ayambe.

"Ayi, mama. Ayambe alendo."

"Alendo ati, aMwale? Onsewa ndi a konkuno."

"Makinawa ndi a mwana wanga. Pano ine ndine mwini khomo. Munaonapo mwini khomo akusamba m'manja alendo asanasambe?"

Anakhala pa benchi tsiku lonse. Wofika aliyense ankamulozera malo patsogolo pawo, n'kumuuza kuti asaope kuwala, sikupweteka, wapanga ndi Sankhani. Anthu atatha, dzuwa litapendeka, analowa. Sisita anajambula maso onse awiri. Kachizindikiro kanatuluka kobiriwira. AMwale anathokoza n'kukwera njinga yawo.

Sankhani sankaloledwa kuona zithunzi za odwala, ngakhale za bambo ake. Anadikira ngati wina aliyense. Mwezi utatha popanda kuitanidwa, anagula nkhuku n'kundipempha kuti ndiphike. Tinadya atatu ndi Obvious. Ndinamumva akuimba foni kumudzi.

"Palibe anakuitanani, bambo? Ndiye kuti zili bwino."

Juni wa chaka chotsatira aMwale sanabwerereko. Anati makina a mwana wawo anawayeza kale, palibe chifukwa chowatopetsera.

Ndinawaona koyamba Lachisanu, pa 25 Ogasiti 2017. Anabwera kudzaonera mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo anafikira kwa mwana wawo. Anali aatali, a mawu okoma, oseka msanga. Potipatsa moni anatambasula dzanja pambali pang'ono pa pamene ndinaima, ine n'kulitsatira. Nditawapatsa tiyi, dzanja lawo linapita pambali pa kapu, linapapasa tebulo, kenako linaipeza. Sankhani anaona.

M'mawa mwake tinapita ku Mkaika. Anthu anali osawerengeka, ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique komwe. Tinapeza malo abwino kutsogolo. Gule atalowa m'bwalo, aMwale anandiweramira.

"Fumbi lachuluka chaka chino, mama. Alowa angati?"

Fumbi linalipo, koma losafika pobisa munthu.

Titabwerera kunyumba, dzuwa lidakalipo, Sankhani anawakhazika pa mpando pabwalo. Anawaphimba diso lamanzere ndi chikhatho.

"Mukuona chiyani, bambo?"

"Chotsa dzanja kuti ndione."

"Lamanja lili lotsegula."

AMwale anachotsa dzanja la mwana wawo. "Limenelo linayamba ulesi nthawi ya dzinja," anatero. "Sindinafune kukuvutitsa. Paja makina anati lili bwino."

Lolemba, pa 28 Ogasiti, Sankhani anaimbira mlembi wa dokotala ku Lusaka, kumupempha kuti dokotala aonenso chithunzi cha chaka chatha. Mlembiyo anafufuza n'kuyankha kuti chithunzi cha Duncan Mwale sichinafikepo. Anaimbira Sisita Prisca. Sisita anati anajambula ndi manja awo, ndipo chobiriwira chinatuluka. Sabata imeneyo Sankhani anawerenga pulogalamu yake mzera ndi mzera. Anapita ku Sinda, anajambula mlonda, wosesa ndi iye mwini. Zonse zinafika. Bambo ake anali pakhonde panga, akumvetsera wailesi.

Kenako Sankhani anabwera kwa ine.

"Amayi, Lachinayi mupite nane ku Vubwi. Galimoto ya bungwe ilipo."

"Ndikatani?"

"Mukakhale womaliza pa mzere. Ndikufuna ndione zonse monga zinachitikira. Musakawauze kanthu Sisita."

Tinanyamuka m'mawa pa 7 Seputembala 2017, kudzera ku Chadiza. Kilinikiyo inali nyumba ya njerwa ya zipinda zochepa, ndi masola padenga. Ndinakhala pa benchi. Anthu ankabwera pang'onopang'ono, oyandikira m'mawa, akutali masana. Omalizira anali amayi awiri ochokera kutsidya kwa malire, mapazi ali mbuu. Sankhani anaima pakona ya chipinda, manja kumbuyo, ngati woyendera sukulu.

Itafika nthawi yanga, Sisita anandikhazika, anandiuza kuti ndiike chibwano pa kachitsulo.

"Tsegulani kwambiri, ambuya. Musaphethire. Yang'anani khutu langa."

Kuwala kunang'anima kawiri. Ndinaona zobiriwira ndi zofiira zikuyandama. Sisita anayang'ana pa kompyuta, anati, "Yalowa." Anasuzumira panja, anaona benchi ili yokha, ndipo asanandiuze n'komwe kuti ndinyamuke, anatseka bulawuza n'kuthimitsa kompyuta.

"Sisita," anatero Sankhani, "mwathimitsa?"

"Ee. Anthu atha."

"Mumathimitsa nthawi yomweyo?"

"Batire ndi limodzi, achimwene. Firiji ya katemera ikudya pomwepo. Dzuwa likapendeka chonchi, ndikachedwa, firiji imalira m'bandakucha. Katemera akawonongeka afunsa ine, osati inu."

"Nanga kale munkatani?"

"Kale liti?"

"Isanabwere yatsopanoyi."

"Kale inkatafuna. Munthu ungathimitse chinthu chili ndi chakudya m'kamwa? Ndinkadikira imeze. Koma chikonzereni inu sitafunanso. Munatithandiza."

Sankhani anatuluka panja, pomwe foni imagwira, pafupi ndi mjigo. Ndinamutsatira. Anaimba ku Lusaka n'kutchula mayina a tsikulo limodzi ndi limodzi. A m'mawa onse analipo. A masana analipo. Mmodzi wa amayi a kutsidya aja analipo, wina palibe.

"Nanga Gertrude Sakala?" Limenelo ndi dzina langa.

Anamvetsera, anathokoza, anadula foni. Anaima akuyang'ana mjigo.

Masana onse wa kumbuyo uja ankapeza mpata womaliza chithunzi pamene wodwala wina akukhala pa mpando. Koma cha womaliza chinkakhala chidakali pa mzere, nthawi zina pamodzi ndi cha amene anamutsogolera. Uthenga woti weruka sunkafika n'komwe. Bulawuza ikatsekedwa, chigayo chonse chinkachotsedwa ndi matumba ali momwemo.

Sankhani atawafotokozera, Sisita Prisca anakhala pa mpando wa odwala. Sanalire. Anayamba kutchula anthu amene amakonda kufika mochedwa: agogo a uje a kuphiri, bambo uja wa ngolo, amayi a kutsidya. Anati mawa atuma anthu a njinga kukawaitana. Kenako anafunsa ngati tidye tisananyamuke, ife tinati ayi.

Pobwerera, titadutsa Chadiza, Sankhani analankhula kamodzi kokha.

"Bulawuza inkandiuza, amayi. Ikamatsekedwa, ntchito iliyonse yotsala pa mzere imabwezedwa ndi chizindikiro choti yathetsedwa. Pali malo olembapo chochita zikatero. Ine ndinasiya popanda kanthu. Ku Sinda sizinachitikepo."

Dalaivala anakweza wailesi pang'ono.

Sankhani anawauza bambo ake m'mawa mwake, pakhonde, ine ndikusesa pabwalo. Anafotokoza zonse, chigayo, mzere, batire, firiji. AMwale anamvetsera mutu uli chopendekera, monga anali atayamba kuchitira kuti aone ndi lamanzere.

"Ndiye chithunzi changa chinali pa mzere?"

"Inde, bambo."

"Kumapeto?"

"Kumapeto."

"Aa. Ndiye nachonso chinali ndi ulemu." Anaseka okha. Ataona kuti mwana wawo sakuseka, anati, "Nanga latsalali tilitani?"

Kuyambira tsiku limenelo nkhani inali ya diso lamanzere. Lachiwiri, pa 3 Okutobala 2017, anakaonana ndi dokotala ku Lusaka. Dokotala anati lamanja latha. Lamanzere analiwotcha tsiku lomwelo, ndipo anati azibwera miyezi ingapo iliyonse. Sankhani anafunsa ngati chaka chatha likanapulumuka lamanja lija. Dokotala anati mwina onse awiri. Sankhani anandiuza zimenezi ndi mawu omwe munthu amanenera mtengo wa sopo.

Pulagini anaikonza m'mwezi womwewo. Chithunzi chinayamba kusungidwa mu kompyuta chisanaikidwe pa mzere, kuti ikathimitsidwa chidzapitirire ikayatsidwanso. Kachizindikiro kankakhala kachikasu mpaka ku Lusaka kutabwera mawu oti chafika. Koma anadziwa kuti munthu amene akuganiza za firiji sayang'ana mtundu wa kadontho. Ndiye anachita chinthu china. Pa mzere pakakhala kanthu, namwino n'kufuna kutseka, tsamba lonse linkachita mdima, n'kutuluka mawu aakulu oti IKUTAFUNA. Kompyutayo sinali youma. Inkangodzionetsa ngati youma.

Obvious ataona anagwira m'chiuno.

"Iwe, miyezi yonse ija unali kuchotsa ichi chinthu. Manje wachibweza na manja yako?"

"Ndachibweza."

"Ma bwana bazakamba chani?"

"Anene."

Akuluakulu sanadandaule. Mwa anthu amene Sisita Prisca anawaitanitsa, ambiri anapezeka ali bwino. Ena anatumizidwa ku Lusaka. Amayi ena a kutsidya sanapezeke, anthu anati anasamuka.

Chaka cha 2018 chinapita m'mabasi. AMwale ankabwera ku Katete, kugona, m'mawa n'kukwera ya ku Lusaka ndi mwana wawo. Pobwerera diso linkakhala lofiira, iwo akuseka za anthu a m'tauni amene amathamanga ngati asiya mphika pamoto. Kumudzi anakana kuleka kulima. Ankamanga chingwe kuchokera pa chikhomo kufika pa chikhomo, n'kumabzala motsatira. Thonje analeka, chifukwa nsabwe zija sankazionanso. Mwana wa mlongo wawo ankawaphikira, koma anali ndi banja lake ndi munda wake.

Sankhani sanasinthe kwenikweni. Ankadzuka, kupita ku ofesi, kubwera. Lachinayi lililonse madzulo ankaimbira Sisita Prisca kufunsa dzina la womaliza, kenako n'kuimbira ku Lusaka kufunsa ngati lafika. Mlembi wa kumeneko anazolowera, ankangoti akayankha foni, "Lafika, aMwale." Anasiya kubwera pa sitepe kudzandifotokozera za ntchito yake. Ine sindinamufunse.

Lolemba, pa 11 Febuluwale 2019, aMwale akupalira anaona ngati wina wathira inki m'madzi. Magazi anali atatuluka mkati mwa diso. Inali nthawi ya mvula yamphamvu, mitsinje itadzaza, ndipo galimoto sizinkadutsa. Anafika ku Katete sabata yotsatira, atagwira phewa la mnyamata wa njinga yamoto. Ku Lusaka anawagoneka, anayesa zimene anayesa. Lachiwiri, pa 5 Malichi, dokotala anati palibenso chifukwa chobwerera.

Atafika kwanga ndinawapatsa tiyi. Ndinawagwiritsa kapu m'manja.

"Zikomo, mama. Kwacha kapena kwada?"

"Ndi masana, aMwale."

"Chabwino. Muzindiuza, ndisamapereke moni wolakwika."

Anakhala nafe mpaka Isitala, kenako anati akufuna kwawo, kumene mapazi awo amadziwa njira ya kuchimbudzi ndi ya kumunda. Sankhani anawaperekeza n'kubwerera ku ntchito. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatsale.

"Pulagini ilibe wina woidziwa, amayi. Ikafa Lachinayi, omaliza ndi omwe aja."

Koma masiku a pulaginiyo anali atawerengedwa kale. Opanga bulawuza anali atalengeza kuti mapulagini a mtundu umenewo adzaleka kugwira ntchito. Bungwe linapeza njira ina, ya pa foni, yopangidwa kunja, yosafuna munthu wokhala ku Katete. Sankhani anauzidwa mwaulemu kuti ntchito yake ikutha, ndipo anamulonjeza kalata yabwino yomuchitira umboni. Obvious anati ali ndi msuweni ku Lusaka amene akufuna anthu a makompyuta.

"Ndalama ni yabwino, mudala. Ungabatumizire ba tate vonse vamene bafuna."

"Akufuna munthu wowauza ngati kwacha."

"Iyo nchito mwana aliyense angagwire."

"Ndi zoona," anatero Sankhani. Nkhani inathera pomwepo.

Lachinayi lomaliza la pulagini linali pa 26 Seputembala 2019. Sankhani anapempha kuti anthu opanga za foni aja auzidwe za batire ndi firiji. Anauzidwa kuti uthengawo uperekedwa. Madzulo a tsikulo anakhala pa sitepe panga ndi foni m'manja. Anaimbira Sisita, anafunsa dzina. Anadikira. Anaimbira ku Lusaka. Nditamva akuti zikomo, ndinadziwa kuti lafika. Analowa m'chipinda chake, ndipo sindinamvenso mabatani a laputopu akulira.

Masabata otsatira anagula makasu awiri, mbewu ya chimanga ndi mpukutu waukulu wa chingwe. Laputopu anaisiya kwa Obvious kuti aigulitse kapena aisunge, zili kwa iye. Anasesa chipinda, anatsuka zenera, anamata ndi simenti kabowo kamene mbewa zinkalowera, ngakhale sindinamutume. Kunali kotentha kwambiri, mitengo ya mango itayamba kulemera.

Obvious anabwera kudzanyamula matiresi mpaka pokwerera galimoto za ku Vubwi. Sankhani anandipatsa makiyi ndi manja awiri.

"Amayi, maso anu mukajambulitsenso. Chithunzi chanu chija sichinafike."

"Ndikumbuka."

"Mukapite m'mawa. Akakuitanani kuti muyambe, mukayambe."

Ndinati ndamva. Ananyamula chikwama ndi makasu, chingwe anachikoleka paphewa, n'kutuluka pa geti. Linali Loweruka, pa 19 Okutobala 2019.